Mayina Amene Kompyuta ya ku Tsangano Sinkawaona

Unali mwezi wa Julaye, 1992. Ku vila ya Tsangano, katauni ka m'malire, kunkazizira kolowa m'mafupa. Gervásio ankatsitsa matumba a chimanga cha chithandizo pa lole. Sabata imodzi m'mbuyomo anali kalaliki wa pa kompyuta. Tsopano msana wake unali woyera ndi fumbi la matumba.

Anzake onyamula nawo sankamusiya.

"A dotolo a makina, gwirani kumutuko! Kapena thumbali nalo mutiuza kuti palibe?"

Thumba silinkamulemera. Ankamulemera ndi mayi wina amene anamubweza pakhomo la ofesi miyezi iwiri yapitayo.

Inu amene muli ndi cholakwa chimene chimakudyani mumtima, khalani pansi. Ine ndi wa m'tauni, sindikhalitsa pamalo. Nkhaniyi ndinaitola m'njira, kwa anthu atatu osiyana. Pa zikuluzikulu onse ananena chimodzi.

Gervásio kwawo kunali ku Ntengo-Wambalame. Mayeso a kalasi yachisanu ndi chimodzi analephera kawiri. Asanayese kachitatu, nkhondo inafika. Sukulu inapsa. Kaofesi ka boma kanapsa. Nyumba yawo inapsa, pamodzi ndi chikalata chake cha kubadwa. Makolo ake anamwalira pothawa. Anatsala munthu wopanda pepala ngakhale limodzi losonyeza kuti anabadwa.

Kuyambira pamenepo sankataya pepala. Ngakhale lokulungira mchere ankaliwongola n'kulisunga.

Zaka zinayi anagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu kufupi ndi malire. Masana, makasitomala akatha, ankapita kutchalitchi. Kumeneko kunali taipi yakale yothyoka zilembo ziwiri. Anadziphunzitsa yekha. Zala zinazolowera.

Mu 1991 kunabwera bungwe lina lofufuza ana otayana ndi makolo. Linatsegula kaofesi ku Tsangano. Linkafuna munthu wodziwa taipi, Chichewa ndi Chipwitikizi. Satifiketi sanafunse. Gervásio analowa ntchito.

Ntchito yake inali yotere. M'makampu a othawa nkhondo ku Malawi, ndi m'malo osungira ana, ankalemba mayina a ana opanda makolo. Mayinawo ankabwera pa disikete. Iye ankawakopera mu kompyuta. Kholo likabwera, ankalemba dzina la mwana papepala, kenako pa makina. Makina ankayankha. Dzina la kholo nalo ankalilemba m'makinamo. Jenereta inkalira maola awiri okha m'mawa. Dizilo anali wosowa ngati mchere.

Mu Febuluwale disiki ya kompyuta inadzaza. Katswiri anabwera kuchokera ku Tete ndi koluna, mdipiti wa malole woperekezedwa ndi asilikali. Anaika disiki yachiwiri, yaikulu. Anapanga malo atsopano osungira mayina, amene iwo ankati pasta. Anakoperamo mayina onse. Papepala analemba kuti disikete iliyonse yatsopano izilowa mu pasta yatsopanoyo. Analimata pakhoma.

Kunja malole anayamba kuliza mahutala. Koluna siidikira munthu. Katswiri ananyamula chikwama. Ali pakhomo anakuwa:

"Pasta yakaleyo ufafanize! Apaga! Yatha ntchito!"

Gervásio anaika chala pa batani. Anayang'ana pa galasi la kompyuta. Mayina zikwi zinayi. Anakumbukira utsi wa kusukulu kuja. Chala chinakana.

"Ingokhala," anadziuza. "Sikudya kanthu."

Sanauze munthu. Makina anapitiriza kutseguka bwinobwino m'mawa uliwonse.

Mu Meyi kunabwera mayi wowonda, mapazi ong'aluka. Dzina lake Marcelina.

"Mwachokera kuti, mayi?"

"Ku Chidzolomondo."

Gervásio anasiya kulemba. "Ku Macanga? Wapansi?"

"Nanga ndege ndiitenga kuti, mwananga? Masiku asanu ndi limodzi. Mumsewu sitidutsa. Timadula m'tchire."

Ankafuna mwana wake wamkazi, Odete. Zaka zisanu ndi zinayi. Anatayana mu 1990, mudzi wawo utaotchedwa. Wina anamuona mwanayo m'gulu la anthu othawira kum'mawa. Anali ndi chipsera cha moto pa mkono wamanzere.

Gervásio analemba dzina. Makina anayankha m'Chipwitikizi: Não consta. Palibe. Anayesa ndi dzina la bambo wa mwanayo. Palibe. Anayesa ndi dzina la mudzi. Palibe.

"Akuti chiyani makinawo?"

"Akuti mulibe, mayi."

Mayiyo anakonza mpango kumutu.

"Ndamva kuti malire ali pafupi. Ndiwoloke, ndikayang'ane ndekha m'makampumo?"

Apa ndi pamene Gervásio ananena mawu amene anamutsata moyo wonse. Anawanena mwachifundo. Anawanenanso modzikhulupirira.

"Musadzivutitse, mayi. Mapazi anu atha kale. Mayina onse a m'makampu ali muno. Ngati muno mulibe, kumeneko kulibenso."

"Zikomo, mwananga. Mwayesetsa."

Anatuluka. Anatembenukira kumadzulo. Gervásio anatenga kapepala ka dzina la Odete n'kukabaya pa waya, pamene ankabaya timapepala ta onse obwerera chimanjamanja.

Bodza linaululika mu Julaye. Namwino wina, Guilhermina, ankawoloka malire kukapima ana m'makampu ndi kuwalemba mayina. Tsiku lina anabwera ndi disikete yake. Gervásio anaikopera. Namwinoyo anaima kumbuyo kwake.

"Tafunsa dzina ili. Ndione ngati ntchito yanga imafika."

Não consta.

"Funsa ili."

Não consta.

"Gervásio iwe. Ana amenewa ndawalemba ndi dzanja langa ili. Wina anandisanzira pa yunifolomu. Ukundiuza kuti kulibe?"

Anayesa mayina khumi a disikete za miyezi yapita. Onse palibe.

Mkulu wa ofesi, a Avelino, anafika akupuma mwamphamvu.

"Ndinanena ine. Makina a mtengo wapatali kupatsa wogulitsa kachewere! Waononga. Tseka. Tidikira katswiri."

"Koluna ibwera liti, a shefi?"

"Funsa amene akutchera mabomba mumsewu. Iwe pita kumatumba."

Ndi momwe anafikira pa lole paja.

Akanatha kuthawa. Malire anali pafupi, ndipo kachewere sakana munthu. Koma waya uja unali udakali pakhoma. Ankadziwa chiwerengero cha timapepala take. Makumi asanu ndi limodzi ndi titatu. Aliyense wa anthuwo anamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti palibe.

Anapita kwa Guilhermina kukapempha kuti amulankhulire. Namwinoyo anali asanaphwe mkwiyo, koma anapita.

"A shefi, katswiri wanuyo afika ana atamera ndevu. Mpatseni mnyamatayu ayese. Makinawo aonongeka kale, aonongekanso kawiri?"

A Avelino anapukusa mutu nthawi yaitali.

"Theka la ola patsiku. Pamene tikutchaja mabatire a wailesi yolankhulirana. Akalephera, ndisamuonenso pano."

Katswiri anasiya buku lalikulu la makinawo, la Chipwitikizi chovuta. Gervásio ankaliwerenga masana atakhala pa matumba. Tsamba limodzi ankalibwereza kanayi. Mawu osawamva ankawalemba kuseri kwa timapepala ta chithandizo.

Tsiku loyamba anaona zingwe. Zinali bwino. Lachiwiri anapukuta polowera disikete. Palibe chinasintha. Lachitatu anakoperanso disikete ya Guilhermina. Makina anavomera kuti yalowa. Atafunsa dzina, anakana. Lachinayi ndi lachisanu anangoyang'ana galasi mpaka jenereta inazima.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anapeza m'bukumo njira younikira mafayilo onse, lililonse ndi kukula kwake ndi tsiku limene linasinthidwa komaliza. Anaona fayilo ya mayina kawiri. Ina mu pasta yatsopano. Ina mu pasta yakale, ija anakana kufafaniza.

Anayang'anitsitsa masiku. Yatsopano inasinthidwa tsiku limene anakopera disikete. Inali yonenepa. Yakale, imene inayenera kukhala itagona kuyambira Febuluwale, inasinthidwa tsiku lomaliza limene iye analemba mayina a makolo ndi zala zake.



Mayina a ana ankalowa m'nyumba yatsopano. Makina ankagogodabe kunyumba yakale. Miyezi isanu.

Anafufuza chifukwa chake. Zinamutengera masiku ena atatu. Pulogalamu yofufuzira inali ndi kafayilo kakang'ono, mizere isanu ndi inayi basi. Kameneka ndi kamene kankaiuza koyang'ana. Mzere wachinayi unkatchulabe pasta yakale. Katswiri, pothamangira koluna, anaiwala kuusintha.

Ndipo Gervásio anamvetsa mbali yake. Akanafafaniza pasta yakale monga anauzidwa, pulogalamu ikanasowa potsegula m'mawa wotsatira. Ikanadandaula pompo. Akanaitana pa wailesi, vuto likanatha tsiku limodzi. Koma inapeza nyumba yakale ili chitsegukire. Inalowa mwakachetechete, n'kumayankha ndi mayina a Febuluwale. Kusunga kwake ndi kumene kunabisa cholakwacho.

Anakopera mizere yonse isanu ndi inayi papepala. Kenako anasintha wachinayi. Anatsegula pulogalamu.

Inakana. Galasi linada. Pakona panali mawu ochepa, onena kuti chinthu china chotchedwa indise n'cholakwika.

A Avelino anasuzumira.

"Kale ankanama. Tsopano asiya n'kuyankhula komwe. Wapita patsogolo ndithu, mphwanga."

"A shefi, ndipatseni wailesi mphindi zisanu. Tsopano ndikudziwa chofunsa."

Katswiri anapezeka tsiku lachitatu. Mawu ake ankadukaduka.

"Wati chiyani? Sunafafanize?"

"Sindinafafanize."

"Nanga mzere wachinayi... ine sindinausinthe?"

"Simunausinthe."

Katswiri anati:

"Epa. Ndiye talakwa tonse awiri, m'bale wanga. Mvera bwino, batire yanga ikutha."

Anafotokoza. Indise ili ngati mndandanda wa kumapeto kwa buku la nyimbo, wonena kuti nyimbo yakuti ili patsamba lakuti. Imene inalipo inali ya buku lakale. Yofunika kumanga ina. Koma choyamba asamutse mayina onse amene analemba ndi zala mu pasta yakale kuyambira Febuluwale, apo ayi amenewo ndiwo asowa. Akatero, auze makina amange indise yatsopano.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Pa makina amenewo? Maola asanu. Magetsi akazima pakati, uyambiranso poyamba."

Jenereta inali ya maola awiri.

Kusamutsa mayina kunamutengera sabata. Kenako anayesa mwayi ndi maola awiriwo. Makina anafika pakati, jenereta inatsokomola n'kuzima. Zonse zinagwa.

Anapita kwa a Avelino atagwira chipewa m'manja.

"Tisayatse masiku atatu. Dizilo wake timusunge. Tsiku lachinayi iyake kamodzi mpaka ntchito ithe."

"Masiku atatu opanda wailesi? Pa nkhondo ino? Wapenga?"

"Mabatire akhoza kupirira mukamatsegula kamodzi patsiku. Ndawerengera."

"Nanga nyale ya kuchipinda cha namwino?"

Guilhermina anayankhira pakhomo. "Ine jakisoni ndibayira panja padzuwa. Matako a anthu ndimawaona bwino ngakhale opanda magetsi anuwo."

A Avelino anaseka osafuna. Anavomera.

Tsiku lachinayi jenereta inalira kuyambira m'mawa. Gervásio sanachoke pampando. Pa galasi nambala inkakwera pang'onopang'ono. Onyamula matumba aja anabwera kudzaima pawindo. Sankasekanso. Dzuwa litapendeka, dizilo atatsala wa pansi pa thanki, makina analira kamodzi. Indise inatha.

Guilhermina anatchula dzina la mwana uja anamusanzira. Linatuluka. Kampu yake, zaka zake, zonse. Anthu anaomba m'manja.

Gervásio sanaombe. Anadzuka n'kutsitsa waya pakhoma.

Anayamba ndi kapepala ka pamwamba. Kamodzikamodzi. Masiku awiri. Pa mayina makumi asanu ndi limodzi ndi atatu, makumi awiri ndi awiri anapezeka.

La Odete linatuluka tsiku lachiwiri. Wa ku Chidzolomondo. Chipsera pa mkono wamanzere. Analembedwa mu Malichi, pa kampu ina ya mbali ya Ntcheu. Kuchokera pa ofesiyo unali ulendo wa tsiku limodzi. Tsiku lija mayi ake anaima pamenepo n'kufunsa ngati awoloke, dzinalo linali litakhala m'makinamo milungu isanu ndi iwiri.

Anatuluka. Anakakhala kuseri kwa nyumba ya jenereta. Palibe anamutsatira.

A Avelino anamubwezera pampando wake. Anafuna kutumiza makalata kwa makolo aja. Gervásio anati apita yekha. Loweruka ndi Lamlungu ankayenda wapansi, mudzi ndi mudzi, kumene kunali kofikika. Pakhomo lililonse ankanena mawu omwewo.

"Ndinakuuzani zosaona. Mwana wanu alipo."

Ena ankamukumbatira. Ena ankagwa pansi. Bambo wina anamumenya mbama, kenako anamupatsa madzi akumwa.

Koma ku Macanga kunalibe njira. Anatumiza uthenga kudzera mwa ogula fodya. Anatumizanso kudzera mwa mkulu wa mpingo. Yankho silinabwere.

Mu Okutobala mfuti zinaleka. Mu Novembala ananyamuka. Ankaponda m'mene mwadutsa matayala a lole, kuopa mabomba okwirira. Anafunsa mudzi ndi mudzi mpaka anamulozera dimba lina. Mmenemo munali bambo akuthirira nazale ya fodya. Anali Lázaro, mlongo wake wa Marcelina.

Anapatsana moni. Gervásio anatchula kumene wachokera. Bamboyo anapitiriza kuthirira.

"Marcelina tinamuika mu Seputembala. Chilala chija, ndi matenda a m'mimba. Koma mphamvu anazisiya m'njira ya kwanuko. Atabwera anati timete, mwana wapita. Tinameta. Tinalira."

Gervásio anagwada m'matope.

"Ndine ndinamuuza kuti palibe, bambo."

"Ndakudziwani. Ankakutchulani. Ankati mnyamata waulemu, anafunsa makina katatu konse."

Gervásio akanakonda mbama.

"Ndiye mwadzatani?"

"Odete ali moyo. Ali ku Malawi. Analipo nthawi yonseyi. Ndine ndinaletsa mayi ake kuwoloka."

Lázaro anaika kheni pansi. Madzi anatayikira pa mapazi ake. Sanasunthe. Anayang'ana kuphiri.

"Tinametera mwana wamoyo," anatero chapansipansi.

Kenako anamuyang'ana.

"Dzukani. Maondo anuwo sadzutsa mlongo wanga. Ndikufuna miyendo yanu. Njira mukuidziwa ndinu."

Ananyamuka m'mawa mwake. Pa kampu, mwana anatuluka m'kalasi ya pansi pa mtengo. Anali atatalika. Anawazindikira amalume ake ali patali. Anathamanga. Atamasuka m'manja mwawo anayang'ana kumbuyo kwawo.

"Amayi atsala kuti?"

Lázaro anayang'ana Gervásio. Gervásio anagwada kuti maso ake alingane ndi a mwanayo, n'kumuuza yekha kuti mayi ake anamwalira. Anamuuzanso kuti mayi ake anayenda masiku asanu ndi limodzi m'tchire kumufuna. Sanabise amene anawabweza.

Odete anafika kwawo chimanga chikumera. Anakulira kwa amalume ake.

Gervásio anabwerera kuntchito. Anthu atayamba kubwerera kwawo kuchokera m'makampu, makina aja sanapume. Iye sanapumenso. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi anakhala pa benchi limodzi ndi ana n'kulembanso mayeso aja. Anakhoza. Anapita ku Tete, anaphunzira za makompyuta mwadongosolo. Patapita zaka, maofesi akafuna kusamutsa zosunga zawo kupita pa makina atsopano, ankaitana iye. Anaphunzitsa ambiri. Ena a iwo lero ndi akuluakulu.

Amene anaphunzira kwa iye amati anali wovuta pa chinthu chimodzi. Mukasamutsa, sankakulolani kunyamula chikwama. Galimoto ilire hutala mpaka itope. Choyamba mulowetse dzina latsopano, mulifunse, mulione ndi maso, muonenso kuti lagwera mu pasta iti. Akatero ndiye ankati pitani.

Sanadzikhululukire msanga. Ena amati sanadzikhululukire n'komwe. Ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti akanathawa manyazi mwezi wa Julaye uja, makinawo akanakhala chitsekere, ndipo mabanja makumi awiri ndi awiri akanapitiriza kulira ana amoyo.

Zina mukalakwa sizibwerera. Manda satseguka chifukwa mwapepesa. Koma pambali pa chimene chatayikacho pamakhala zina zimene zikudikira munthu wozikonza, ndipo kawirikawiri wodziwa pamene panalakwika ndi wolakwayo.

Ngati ndinu, lirani. Mukatha, bwererani pamene munalakwitsapo. Pemphani theka la ola. Mtima wanuwo musautaye, pali wina akudikira kuti mumalize.